Msonkho wa chitunda cha Thabwa

Kwathu kwa Nyachikadza galimoto sifika. Ndikamabwerera kusukulu ku Blantyre ndimayamba ndi bwato, kenako kabaza mpaka pa boma la Nsanje, ndiye minibasi. Msewu wa M1 umayenda chathyathyathya kudutsa Bangula, Ngabu ndi Nchalo, koma mukangooloka mlatho wa Shire ku Chikwawa n'kupitirira pa Thabwa, injini imasintha kalilidwe. Potsika patchuthi m'pamene pamandiwawa mtima: fungo la mabuleki opsa limalowa pawindo, azimayi amasiya kucheza, wina n'kuyamba kupemphera chamumtima.

Chitunda chimenechi chakhala chikutilipiritsa msonkho kuyambira kale. Chimene chasintha ndi wolipira ndi kalipiridwe kake basi.

David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859, sitima yake inaima pa mathithi a Kapichira. Madzi ankanyamula katundu mosavuta kuchokera ku Zambezi mpaka pafupi ndi Chikwawa, koma kupitirira apo ntchito inali ya miyendo. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876 ndipo kampani ya African Lakes, ija timaitcha Mandala, itayamba mu 1878, katundu ankatsitsidwa padooko la kwa Katunga n'kusenzetsedwa amtengatenga. Nsalu, mchere, zitsulo za nyumba, zonse zinkakwera pamitu ya anthu. Wamtengatenga ankatopa pokwera, ndipo potsika maondo ankamuwawanso chifukwa chodziletsa kuti asagubuduke. Phiri linkamudyera mphamvu ulendo wopita ndi wobwera womwe.

Njanji ya Shire Highlands inatsegulidwa mu 1908, kuchokera ku Port Herald, dzina la Nsanje pa nthawiyo, mpaka ku Blantyre. Omanga ake anachiopa chitunda cha Thabwa. Anadzera ku Chiromo, natsata chigwa cha Ruo, nakatulukira ku Luchenza ndi Limbe, chifukwa sitima yapamtunda silimbana ndi mtunda woongoka. Komabe msonkho sunathe: moto wambiri pokwera, mabuleki otentha potsika. Madzi osefukira atadula njanjiyo pa Chiromo mu 1997, katundu yense wa m'chigwa anatsalira malole, ndipo dizilo ndi mabuleki ndi zimene zikulipira mpaka lero.

Chimene chinandidabwitsa m'kalasi n'chakuti njira yobweza gawo la msonkhowu ndi yakale kuposa njanji yathuyo. Mu 1886 kampani ya Frank Sprague ku America inali itayamba kale kupanga mota yamagetsi yotha kubweza mphamvu pamene ikuchepetsa liwiro. Pofika 1915 njanji ya Milwaukee Road inali ikutsitsa sitima zamagetsi m'mapiri a Rocky mwa njira imeneyi. M'galimoto zogulitsidwa kwa anthu wamba, nzeruyi inatchuka ndi Toyota Prius mu 1997, chaka chomwe ife njanji yathu inkaduka.

Amene anapalasapo njinga ya dayinamo akudziwa kale mmene zimayendera. Mukatsamiritsa dayinamo patayala, nyali imayaka koma njinga imalemera. M'galimoto yamagetsi, dalaivala akachotsa phazi pa moto, mota imasanduka jenereta: matayala ndi amene amaizunguza, iyo n'kumawaletsa liwiro uku ikudzaza batire. Mphamvu imene mabuleki wamba amaisandutsa kutentha ndi fungo lija, imasungidwa.

Ndinayesa kuwerengera. Blantyre ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, Chikwawa ili cha pa 100. Galimoto yolemera makilogalamu 1,500 ikatsika mamita 900 imataya mphamvu yokwana 3.7 kWh, kutanthauza pafupifupi mayunitsi anayi a magetsi timagula aja. Sizibwerera zonse ayi. Mphepo, matayala, mawaya ndi batire yeniyeniyo zimadyako. Koma ngakhale itabwerera yopitirira theka, ndi ulendo wa makilomita oposa khumi amene munthu sanawalipire.

Apa ndiye ndimasiyana maganizo ndi anzanga amene amati phiri ndi bwenzi la galimoto yamagetsi. Phiri silipatsa munthu chimene sanalipatse. Kuti mubweze mayunitsi awiri potsika, munawononga oposa anayi pokwera. Kupindula kwenikweni kumatengera kuti katundu wolemera akulowera kuti. Ku Switzerland, pafupi ndi Biel, kuli lole yamagetsi yotchedwa eDumper imene imakwera phiri ilibe kanthu n'kutsika itasenza miyala ya simenti, moti potsika imatha kubwezera m'batire gawo lalikulu la mphamvu yokwerera. Sitima zonyamula miyala ya chitsulo kuchokera ku Kiruna kutsikira kudooko la Narvik zimachitanso chimodzimodzi. Ife zathu n'zotembenuka. Shuga wa ku Nchalo, thonje, ng'ombe za ku Ngabu, mbatata ndi nyemba za m'madimba a kwathu, zonse zimakwera zili zolemera. Zimene zimatsika ndi simenti, malata, zakumwa ndi chimanga cha chithandizo chaka cha njala. Lole yamagetsi pamsewu uwu ingapindule pokhapokha ikamatsika itadzaza, osati kubwerera chimanjamanja.

Palinso misampha ina iwiri. Batire yodzaza thoo silandira kanthu, choncho wochaja mpaka kumapeto ku Blantyre adzatsika Thabwa ndi mabuleki wamba ngati minibasi ina iliyonse. Chachiwiri, kutentha kwa m'chigwa mu Okutobala ndi Novembala, kumene kumapitirira madigiri 40, kumafooketsa batire. Ndipo kuchokera ku Chikwawa mpaka ku Marka malo ndi achidikha, palibe phiri lokubwezerani kanthu.

Nanga magetsiwo achokera kuti? Achokera pa chitunda chomwechi. Madzi a Shire amatsika kuchokera ku Matope kudutsa pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Nkula A yakhala ikupanga magetsi kuyambira 1966. Mathithi amene anaimitsa Livingstone ndi amene amayatsa Blantyre. Koma namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Madzi omwewo anatsikira kwathu n'kumiza minda.

Ine ndikufuna minibasi zamagetsi pamsewu wa Blantyre ndi Nsanje, ndipo chifukwa changa chachikulu si mtengo wa mafuta ayi, koma mabuleki. Galimoto imene mota yake ikugwira liwiro potsika imafika pamakona a Thabwa mabuleki ali ozizira, okonzeka kugwira pakagwa zadzidzidzi. Koma malo ochajira ayambe kumangidwa kumunsi, ku Nchalo, Bangula ndi Nsanje, kumene galimoto imafunika mphamvu yokwerera. Akawaika ku Blantyre kokha, wa m'chigwa adzapitiriza kulipira msonkho uja ngati wamtengatenga wa kwa Katunga.

Agogo nditawafotokozera zonsezi patchuthi, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti, "Nanga bwato la magetsilo lifika liti, mwanawe?" Ndinalibe yankho.