Kupasuka kwa Bungwe la Masewera la Sukulu za ku Pacific

M'dziko la Amerika sukulu zazikulu, ndiwo mayunivesite, ziri ndi mwambo wakupikisana m'masewera. Opambana onse ndiwo mpira wao wina, umene aunyamula m'manja nathamanga nao; ndipo anthu okaonerera pena apitirira 100,000 tsiku limodzi. Tsono sukulu zoyandikana zimapangana kukhala bungwe limodzi, kuti zizicezerana caka ndi caka, monga icita midzi ya pa mtsinje umodzi.

Bungwe limene tinena pano linayamba pa 2 December 1915 m'mudzi wa Portland. Sukulu zinai zinapangana, ndizo California, Washington, Oregon ndi ina imene lero dzina lace ndi Oregon State. Washington State inalowa mu 1917, Stanford mu 1918, ndipo pambuyo pace zinadza ziwiri za ku Los Angeles: USC mu 1922 ndi UCLA mu 1928. Mu 1959 bungwelo linapasuka cifukwa ca mirandu ya ndalama zimene anthu anapatsa osewera mobisa. Koma lina linauka m'malo mwace, nilikula kufikira sukulu 12 mu 2011, nilidziwika ndi dzina lakuti Pac-12.

Cimene cinalipha cinafesedwa kale, mu 1984. Kufikira caka cimeneco bungwe lalikulu la dziko lonse, NCAA, ndilo lokha linapangana ndi eni wailesi ya kanema za mpira umene udzaonetsedwa. Sukulu za Oklahoma ndi Georgia zinakana, nizinka ku mirandu, ndipo bwalo lalikulu la dzikolo linaweruza kuti NCAA iribe mphamvu yotero. Patapita nthawi bungwe liri lonse linayamba kugulitsa masewera ace lokha. Eni kanema safunsa ngati sukulu ziri pacibale. Afunsa kuti adzaonerera anthu angati. Ndipo a ku Pacific anali ndi tsoka lacelace: pamene iwo ayamba mpira wao wa madzulo, anthu ambiri a kum'mawa kwa dzikolo ali m'tulo, pakuti dzuwa liwaloweratu maora 3.

Mu 2022 bungwe lina, Big Ten, linapangana ndi Fox, CBS ndi NBC za madola oposa 7 biliyoni pa zaka 7. M'mwezi wa June caka comweco USC ndi UCLA zinali zitalengeza kuti zidzasamukira kumeneko. Otsalawo anafunafuna wogula masewera ao pa mtengo wabwino, osampeza. Colorado inatsazika mu July 2023. Ndipo pa 4 August, tsiku limodzi lokha, sukulu 5 zinacoka: Oregon ndi Washington ku Big Ten, Arizona, Arizona State ndi Utah ku Big 12. Stanford ndi California, zokhala m'mbali mwa nyanja ya Pacific, zinalowa bungwe limene dzina lace litchula nyanja ya Atlantic. Ici ncoseketsa, koma wosenza katundu wace saseka. Osewera mpira waukulu ayenda kowerengeka pa caka. Koma asungwana ndi anyamata a masewera ang'ono, amene sabweretsa ndalama, ayenera kuuluka mamailosi oposa 2,000 kawirikawiri, m'mawa mwace nakhala m'kalasi. Akuru opangana zimenezi anayamba kuwerenga madola. Tulo ta anawo anatiwerenga pambuyo, ngati anatiwerenga konse.

Zinatsala ziwiri, Oregon State ndi Washington State. Izo zinanka ku bwalo la mirandu mu September 2023, ndipo woweruza anazipatsa ulamuliro wa bungwelo. Mu 2024 zinaitana sukulu zina, monga Boise State ndi San Diego State, kuti nyumba isagwe. Oregon State inali pa msonkhano woyamba uja wa 1915. Mnansi wace Oregon, imene yasewera nayo mpira kuyambira 1894, ikhala mamailosi osafika 50 kucokera pa khomo pace. Koma m'caka ca 2024 Oregon inali m'bungwe limodzi ndi Rutgers ya ku New Jersey, ku malekezero ena a dzikolo.