Ndakatulo za ku Mangalande pa Gombe la Ngala

Ngala ndi mudzi wa asodzi umene uli m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Sukulu zisanafike, anthu a kumeneko anali nazo kale ndakatulo zawo, ngakhale sankazilemba papepala. Asodzi ankaimba popalasa mabwato, pamene amayi ankadzudzula amuna aulesi ndi apongozi ovuta m'nyimbo za pamtondo popanda kutchula dzina la munthu.

Kuwerenga kunadza ndi amishoni kuchokera mbali ziwiri. Kumpoto, a mishoni ya Livingstonia anakhazikika ku Bandawe mu 1881. Kummwera, a mishoni ya UMCA anatsegula malo awo ku Nkhotakota mu 1894. Koma mwana wofuna kuzama m'Chingerezi ankayenera kupita kutali, pakuti sukulu zoyamba za sekondale zinali ku Blantyre, yotsegulidwa mu 1940, ku Zomba mu 1942 ndi ku Dedza mu 1951. Kumeneko ophunzira ankakonzekera mayeso a Cambridge, ndipo ankamvetsera mphunzitsi akulakatula ndakatulo za ku Mangalande, iwo n'kumaziloweza pamtima.

Mwa ndakatulo zakale za dzikolo muli mitundu iwiri yotchuka. Mtundu woyamba ndi wa ndakatulo zonyodola, zimene zimadzudzula anthu aulamuliro mwachiphiphiritso. Mu 1681 John Dryden analemba Absalom and Achitophel. Pooneka ndi nkhani ya m'Baibulo ya Davide ndi mwana wake woukira, koma owerenga anazindikira kuti akunena za Mfumu Charles II ndi mwana wake, Duke of Monmouth. Alexander Pope naye anaseka alembi osadziwa ntchito yawo mu The Dunciad mu 1728.

Mtundu wachiwiri ndi wa ndakatulo zotamanda chilengedwe ndi kufotokoza za mumtima mwa munthu. Mu 1798 William Wordsworth ndi Samuel Taylor Coleridge anasindikiza Lyrical Ballads. Wordsworth, amene anakulira m'dera la nyanja ndi mapiri, ankafuna kuti ndakatulo zilembedwe m'chilankhulo cha anthu wamba. Komabe alakatuli a mtunduwu sanaleke kukhudza mafumu. Mu 1818 Percy Bysshe Shelley anasindikiza Ozymandias, yonena za chifanizo chophwasuka cha mfumu yodzitukumula chimene chinatsala chokha m'chipululu.

Kwa mwana wa ku Ngala mayina a alakatuliwa anali achilendo, koma luso lawo silinali lachilendo. Wokulira pakati pa mafunde a mwera sakadadabwa ndi munthu wotamanda nyanja. Womvera nyimbo za pamtondo ankadziwa kale kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika.

Nzeru imeneyi inadzakhala yofunika dziko litalandira ufulu. Mu 1968 boma linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, ndipo kudzudzula poyera kunali koopsa. Alembi achinyamata a ku Chancellor College, amene anayamba kukumana m'gulu la Writers Group mu 1970, ankalemba m'Chingerezi koma akubisa uthenga m'nthano ndi m'miyambi ya makolo. Mmodzi mwa iwo anali Jack Mapanje wa ku Mangochi. Buku lake, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981. Ngakhale anaphiphiritsa, aulamuliro anamva tanthauzo lake. Iye anamangidwa mu 1987 ndipo anakhala m'ndende ya Mikuyu, osazengedwa mlandu, kufikira 1991.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti ndakatulo si mawu ongolowezera mayeso. Wophunzira wa ku Ngala akamawerenga Dryden kapena Shelley, akumbukire mayi wa pamtondo uja. Onsewo anapeza njira yonenera choonadi kwa wamphamvu, ndipo ena mwa otsatira njirayo m'dziko lino analipira ndi ufulu wawo.