Maphunziro ophika buledi wamalonda: nkhani ya Kacholola ndi Nyimba

Maphunziro ophika buledi wamalonda amakonzekeretsa munthu kuphika buledi, mabanzi, masikono ndi makeke ochuluka oti agulitse tsiku ndi tsiku, komanso kuyendetsa bekale kuti mpamba usathe. Amasiyana ndi kuphika kwa pakhomo pa mfundo imodzi yaikulu: pakhomo chofunika n'kukoma basi, pamene pamalonda buledi wa lero afanane ndi wa dzulo kulemera kwake, maonekedwe ake ndi ndalama zimene walowetsa. Mu Zambia maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Bungweli limalembetsa masukulu, kukonza zophunzitsa ndi kuyesa ophunzira, kuyambira pa mayeso a trade test mpaka pa dipuloma, ndipo kuphika buledi kawirikawiri kumabwera ngati gawo la maphunziro a Food Production. Ku chigawo cha kummawa kuli masukulu a ntchito zamanja monga Chipata Trades ndi Ukwimi Trades, yomwe ili pamalo amene kale kunkakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, koma sukulu yotchuka pa zophikaphika za m'mahotela ndi ZITHS ya ku Lusaka, imene ambiri amangoiti Fairview. Chichokereni 2022, pamene thumba la boma la chitukuko cha m'madera (CDF) linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, gawo lina la ndalamazi limalipirira achinyamata maphunziro otere.

Kacholola ili m'mapiri a m'boma la Nyimba, pa msewu wa Great East, pakati pa mlatho wa Luangwa ndi tauni ya Nyimba, makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Lusaka. Ogula buledi kumeneko ndi apaulendo, oyendetsa malole, ana asukulu, aphunzitsi, ndi alimi amene ndalama imawapeza akagulitsa chimanga, nshawa kapena thonje. Tirigu salimidwa kuno. Amalimidwa mothirira nyengo yachisanu m'mafamu akuluakulu a ku Mkushi, Chisamba, Mpongwe ndi Mazabuka, n'kugayidwa kuzigayo zakutali, ndiye thumba lililonse la fulawa limafika litasenza kale mtengo wa thiransipoti. Shuga nayenso amachokera ku Nakambala. Wophika wa malo otere phindu lake ndi lopyapyala kwambiri, ndipo n'chifukwa chake sikelo ndi buku la ndalama ziyenera kukhala pakati penipeni pa maphunziro ake, osati phunziro lothamangira sabata yomaliza anthu atatopa kale ndi kukongoletsa makeke.

Masamu ake ndi osavuta. Ophika buledi amawerengera chilichonse potengera kulemera kwa fulawa: pa makilogalamu 100 a fulawa pamalowa madzi pafupifupi malita 60, mchere makilogalamu 2, yisiti wouma pafupifupi kilogalamu imodzi, kenako shuga ndi mafuta pang'ono. Thumba la makilogalamu 50 likakandidwa motere limatulutsa mtanda wa makilogalamu pafupifupi 84. Mu uvuni madzi amauluka, mtanda n'kupepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kupitirirako, choncho wofuna buledi wa magalamu 700 amadula mtanda wa magalamu pafupifupi 800, ndipo thumba limodzi limam'patsa buledi ngati 105. Tsono amene amadula ndi maso, dzanja n'kumapitirira ndi magalamu 20 okha pa buledi aliyense, wataya makilogalamu awiri a mtanda pa thumba, ndiye kuti buledi awiri ndi theka amene palibe adzamulipire. Onjezani buledi wotsala madzulo, wopserera, wa kunyumba, ndi wa nkhongole ya pa kantemba imene ibwezedwe mwezi ukatha, mupeza kuti munthu wogulitsa kwambiri akulephera kuoda thumba lotsatira. Wophunzira amene sanazolowere kulemba mtengo wa nkhuni, mapepala okulungira, lendi ndi malipiro ake omwe amayesa ndalama yonse ya m'mbale ndi phindu.

Nyengo ndi moto nazo zili ndi mbali yake, ndipo pano buku lolembedwera khitchini ya hotela limasiya wophunzira panjira. Mtanda umafufuma bwino ukakhala pa madigiri 26 kapena 27. Mu Okutobala, madera oyandikana ndi chigwa cha Luangwa akatentha, mtanda umathamanga, kutupa mopitirira, n'kuphwa usanalowe mu uvuni. Mankhwala ake ndi madzi ozizira, kuchepetsako yisiti ndi kukanda usiku kapena mbandakucha. Kutentha komweko kumabweretsa vuto la buledi wonanda mkati, wonunkha ngati chipatso chovunda. Amayambitsa ndi tizilombo ta mtundu wa Bacillus timene sitifa ndi moto wa uvuni, ndipo timachepa ndi ukhondo wa ziwiya, kuziziritsa buledi asanakulungidwe, ndi viniga pang'ono mu mtanda. Za magetsi, chilala cha 2024 chinaphunzitsa aliyense: Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza tsoka la dziko lonse mu Febuluwale, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lathunthu. Wophunzira amene amangodziwa kutembenuza batani kufika pa madigiri 220 ayenera kudziwanso uvuni wa njerwa kapena wa diramu: kuukoleza, kuphula makala, kuyamba ndi buledi moto ukadali waukali n'kumalizira masikono ukamazirala.

Ena amati zonsezi n'kutaya ndalama, popeza amayi akhala akukazinga vitumbuwa ndi kuphika chikondamoyo pa mbaula zaka zambirimbiri, n'kuphunzitsa nazo ana sukulu, opanda setifiketi. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo mphunzitsi wonyoza luso limeneli ndi wosazindikira: amayiwa amaudziwa msika kuposa iye, amadziwa basi imene okwera ake amagula ndi tsiku limene sukulu yatsekera. Koma luso la beseni limodzi silikula lokha. Sukulu yogonera kapena lesitilanti ikafuna mabanzi 300 ofanana m'mawa uliwonse, muyeso wa kapu ndi chikhatho umakanika, pakuti kapu ya fulawa wotsendereza ndi ya fulawa wosefa sizilemera mofanana. Chimene amayiwa akusowa si kuyambiranso, koma masiku ochepa a sikelo, mitengo ndi malamulo. TEVETA ili nayo njira yoyesa ndi kuvomereza luso limene munthu anaphunzira kunja kwa sukulu, ndipo ndi yoyenera anthu ngati amenewa.

Kutsutsa kwina, kolimba kuposa koyambako, n'kwakuti mabekale akuluakulu a m'mizinda amagula fulawa motchipa, ali ndi makina, ndipo buledi wawo woduladula amafika pa galimoto. Zoonadi wophika wamng'ono sangawagonjetse pa buledi yemweyo. Chimene ali nacho ndi kutentha kwa buledi wongophulidwa kumene, timabanzi ta mtengo umene mwana wasukulu angakwanitse, ndi zokolola za pakhomo. Nyimba ndi kwawo kwa nthochi, ndipo zimene zapsa kwambiri moti wapaulendo sangagule ndizo zabwino pa keke ndi masikono. Bungwe la International Potato Center lasonyeza ku Kenya, Malawi ndi Mozambique kuti mbatata yofiira mkati, yophika n'kuipota, ingalowe m'malo mwa gawo lina la fulawa, buledi n'kupeza vitamini A. Malire ake alipo: mbatata ndi nthochi zilibe ulimbo wa tirigu umene umagwira mpweya, choncho zikachuluka buledi amatuluka wolemera ngati njerwa. Muyeso woyenera amaupeza ndi kuyesa n'kulemba, osati kulota.

Palinso makolo amene amati mwana akaphunzire za mumzinda kuti akalembedwe ntchito ku hotela kapena kusitolo yaikulu ku Lusaka. Palibe chotsutsana pamenepa, pakuti wodziwa kuwerengera mtanda wa thumba limodzi adzawerengera wa matumba makumi awiri, ndipo malamulo a ukhondo ndi amodzi. Lamulo la Food Safety la 2019 ndi la Public Health amakhudza uvuni wa diramu wa pa Kacholola monga momwe amakhudzira khitchini ya hotela: wogwira chakudya apimidwe kuchipatala, malo ayenderedwe ndi a zaumoyo a khonsolo, laisensi ilipidwe. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dzikoli, ndipo pa miliri yotere ogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu ndiwo amayamba kuletsedwa. Buledi amatuluka mu uvuni ali wopanda tizilombo ta kolera. Amadetsedwa pambuyo pake, ndi dzanja lomwe langolandira ndalama, nsalu yofundikira ndi madzi otsukira mathireyi.