Manotsi a nyimbo ya fuko pa pasipoti: cholakwika chimalowa bwanji, nanga mwini pasipoti ade nkhawa?

Mayiko ena amakongoletsa masamba a pasipoti ndi nyimbo ya fuko lawo. Pasipoti ya Ireland yomwe inatuluka mu 2013 ili ndi manotsi a nyimbo yawo m'masamba ake, ndipo ya America ya 2007 ili ndi mawu a nyimbo yawo mkati mwa chikuto. Vuto ndi lakuti ojambula zithunzi ambiri sawerenga manotsi, ndiye kadontho kakasuntha amangoona ngati zili bhobho. Apa ndafotokoza mmene zimenezi zimakhalira, kuti tsiku lina mukadzaona chithunzi chotere pa Facebook muzidzadziwa chomwe mukuyang'ana.

Manotsi amagwira ntchito bwanji?

Amene munaimbako kwaya mukudziwa solofa: do, re, mi, fa, so, la, ti. Ameneyo amalembedwa ndi zilembo. Koma zokongoletsera zimakonda staff notation chifukwa imaoneka bwino. Staff ndi mizere 5 yokhala ndi mipata 4. Noti ikakhala pamzere ili ndi liwu lake, ikasunthira mumpata wotsatira liwu lasintha kale.

Kumayambiriro kwa mizereyo kumakhala zinthu zitatu. Choyamba ndi clef, chizindikiro chouza woimba dzina la mzere uliwonse. Pa treble clef mzere wapansi ndi E, koma pa bass clef mzere womwewo ndi G. Chachiwiri ndi key signature, ma sharp kapena ma flat omwe amakweza kapena kutsitsa manotsi ena pang'ono. Chachitatu ndi manambala awiri osanjikizana, monga 4/4, onena kuti chigawo chilichonse chili ndi ma beat angati.

Zolakwika zodziwika

Noti kusunthira mmwamba kapena pansi: nyimbo imapotoka pamalo amodzi, ngati munthu waphonya liwu m'kwaya.

Kusowa kwa sharp kapena flat koyambirira: apa ndiye zavuta kwambiri, chifukwa noti imeneyo imalakwika paliponse pomwe yapezeka.

Kadontho kuiwalika: kadontho kapambali pa noti kamawonjezera theka la kutalika kwake. Kakasowa, ma beat a chigawocho sakwana.

Chithunzi kutembenuzidwa: wojambula pa kompyuta akachitembenuza ngati pagalasi kuti chikwane bwino patsamba, nyimbo yonse imayenda chobwerera.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Werengani ma beat a chigawo chilichonse, muone ngati akugwirizana ndi manambala aja. Kenako tumizani chithunzicho kwa munthu wodziwa kuwerenga staff, achiyimbe pa kiyibodi. Khutu silichedwa kugwira bodza.

Kodi boma lingalakwitse zoterezi?

Eya, ndipo si kamodzi. Mu Disembala 2017 dziko la Taiwan linatulutsa pasipoti yatsopano yokhala ndi chithunzi chomwe chimayenera kukhala bwalo la ndege la Taoyuan. Anthu pa intaneti anazindikira kuti linali bwalo la Dulles la ku Washington. Boma linavomera, mkulu wa ofesi yoona za mapasipoti anachoka paudindo, ndipo mabuku osindikizidwa kale anawamata chomata pa tsambalo.

Ku Australia, ndalama ya pepala ya 50 dollars yomwe inatuluka mu Okutobala 2018 inali ndi mawu akuti responsibility osowa chilembo i chimodzi. Zinadziwika mu Meyi 2019, mapepala okwana 46 miliyoni ali kale m'manja mwa anthu. Ndalamayo inapitiriza kugwira ntchito.

Ku Chile, makobidi a 50 pesos a 2008 analembedwa CHIIE m'malo mwa CHILE, ndipo mkulu wa malo osulira ndalama anachotsedwa ntchito.

Ngati zilembo zomwe aliyense amawerenga zimadutsa maso a akuluakulu onsewo, nanji manotsi omwe amawerengedwa ndi ochepa?

Nanga pasipotiyo imatha ntchito?

Apa mpomwe ambiri amasokonezeka. Pa chipata cha dziko wapolisi sayimba nyimbo yanu ya fuko ayi. Amayang'ana tsamba la chithunzi chanu, mizere iwiri yapansi yomwe makina amawerenga, uliwonse wa zilembo ndi zizindikiro 44, komanso chip ngati pasipotiyo ndi yamakono. Malamulo a zimenezi amachokera ku bungwe la ICAO, m'chikalata chotchedwa Doc 9303. Noti yopotoka ndi manyazi a boma komanso ndalama za misonkho ngati aganiza zosindikizanso, koma sichisintha kuti ndinu ndani.

Chomwe chingakugonetseni pa bwalo la ndege kapena pa Mwanza ndi cholakwika pa dzina, tsiku lobadwa kapena nambala. Ndiye mukangolandira pasipoti, musanajambule n'komwe selfie, fananizani tsamba limenelo ndi chitupa chanu cha unzika, chilembo ndi chilembo. Mukapeza chosiyana bwererani nayo ku ofesi ya Immigration msanga, musanagule tikiti. Ndipo chonde musaike tsamba limenelo pa WhatsApp status, mbava za pa intaneti zimafuna zimenezo.

Ineyo ndimaona chonchi

Nyimbo ya fuko si chokongoletsera ngati maluwa a pa nsalu. Ili ndi mwini wake amene anaipeka. Yathu ino anapeka ndi Michael Sauka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964. Boma lililonse lofuna kusindikiza manotsi pa chikalata choti chikazungulire dziko lapansi liyenera kupatsa kaye woimba mmodzi awayese. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, pomwe kukonza pambuyo kumadya ndalama zambiri.

Kwa ife a pa foni, tisathamangire kugawa chithunzi chilichonse cholembedwa kuti boma lalakwitsa. Funsani kaye kuti ndi pasipoti ya dziko liti, ya chaka chanji, ndipo noti yolakwikayo ili pa chigawo chiti. Wokutumiziraniyo akalephera kuloza, chithunzicho chithere pa foni yanu basi.