Nsapato za mu thiranki: mbiri ya phazi la mwamuna wa ku Nkhotakota

Malemu agogo anga aamuna adali ndi nsapato zimene sindidazionepo zitaponda mchenga wa kunyanja. Zinkagona mu thiranki pansi pa bedi, zitakulungidwa m'nyuzi yakale, pambali pa chitini cha polishi ndi kaburashi kothothoka. Lamulungu ankazikoleka paphewa, iwo n'kumayenda opanda kanthu kuphazi mpaka pa mtengo wa mango woyandikana ndi tchalitchi. Pamenepo ndiye ankakhala pamuzu, kupukuta mapazi ndi kansalu, n'kuvala. Mapemphero akatha ankavuliranso pomwepo. Ndili mwana ndinkaseka chamumtima: eti munthu kugula nsapato zoti azizinyamula, m'malo moti zizimunyamula iye! Mkati mwake mudali zilembo zofufutika: Crockett & Jones.

Pano ndidaleka kuseka. Kuno kugombe nsapato ya mwamuna sidabwere kudzateteza phazi. Msodzi saifuna m'bwato, mlimi wa mpunga saifuna m'dambo. Idabwera ngati kalata yonena kumene mwiniwake adafika ndi ulemu umene akufuna apatsidwe. Ndipo sitolo yeniyeni ya nsapato zoterozo yakhala ili kutali nafe kuyambira kale.

Dzina lomweli n'lobwereka. Nsapato ndi sapato ya Chipwitikizi. Koma fashoni yoyamba ya kuphazi idatifika kuchokera kum'mawa, pa zombo za Aswahili. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika pano cha m'ma 1840 ndi malonda ake a minyanga ndi anthu. Mwamuna wolemekezeka wa Chiswahili ankadziwika ndi mkanjo woyera, kofiya ndi nkhwayira zachikopa zimene eniake amazitcha makubazi. Ku Zanzibar, kumene malondawa ankathera, kapolo sankaloledwa kuvala nsapato. Phazi lapansi lidali chizindikiro cha munthu wogulidwa. Tangoganizani, abale, anthu zikwizikwi amene adawoloketsedwa pa doko lino kupita tsidya, n'kuyenda pansi miyezi mpaka ku Kilwa. Ndikaima pa mkuyu umene David Livingstone adakumaniranapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, m'maganizo mwanga ndimaona mapazi a mitundu itatu: jombo ya mzungu, nkhwayira za Mswahili, ndi phazi long'aluka la mwini dziko, ataima chapatali.

Chaka cha 1894 chidasintha zambiri. Jumbe Tawakali Sudi adamwalira, ndipo sipadatenge nthawi boma la Harry Johnston lidachotsa womulowa m'malo n'kumutumiza ku Zanzibar. Chaka chomwecho amishoni a UMCA adatsekula mishoni yawo pano. Chaka chomwechonso, kutali ku Zlín, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, Tomáš Baťa ndi abale ake adayambitsa kakampani ka nsapato. Dzinalo lisungeni, tikumana nalo kutsogoloku. M'zaka zomwezo matekenya, amene adachokera ku South America n'kutsikira ku gombe la Angola mu 1872, adali atafika kunyanja kuno. Ngati padali nthawi imene phazi lidafunikiradi nsapato ndi imeneyo, koma ovala adali owerengeka.

Amishoni a UMCA sankakondwera kuti Mkhristu wakuda atengere mavalidwe a azungu. Ankati asadzisiyanitse ndi abale ake. Maganizo abwino kumene, koma ankanenedwa ndi anthu ovala majombo. Ku Mbombwe John Chilembwe ankaona mwina: ankafuna anthu ake azitchena kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kuti mzungu asowe ponyozera. Itatha nkhondo yake ya 1915, limodzi mwa madandaulo amene ophunzira adapereka ku komiti yofufuza lidali la chipewa, loti munthu wakuda ankakakamizidwa kuvula akakumana ndi mzungu aliyense. Chovala sichidali nkhani yamasewera.

Nawo asilikali a KAR adamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ambiri a iwo opanda jombo. Mwina n'chifukwa chake magule a kunyanja otsanzira perete wa asilikali, monga malipenga, adaika mtima kwambiri pa phazi. Taonani ovina malipenga: kabudula wositidwa, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zowala ngati kalilole, pabwalo la fumbi lokhalokha. Chimene mzungu adamana msilikali, mudzi udampatsa pa gule.

Koma amene adatsekuladi chitseko cha sitolo zapamwamba ndi Wenela. Anyamata ankalembetsa, kukwera ndege mpaka Francistown, kenako sitima ya pamtunda mpaka ku migodi ya Joni. Pofika 1973 a Malawi ogwira ntchito m'migodi ya South Africa adaposa 100,000. Sabata yonse munthu ankakhala pansi pa nthaka m'majombo arabala onunkha thukuta. Loweruka ankakwera basi kulowa mu Johannesburg, n'kukaima pa mawindo a sitolo zikuluzikulu monga John Orr's ndi Stuttafords, kumangoyang'ana. M'menemo ndiye adaphunziramo kuti nsapato ya mwamuna ili ndi mitundu ngati nsomba. Pali Oxford, yotsekeka bwino pomangira zingwe, ya paukwati ndi pamaliro. Pali Derby, yomasukirako, yokomera phazi lalitali msana. Pali brogue, yobowola timaenje tokongoletsa kutsogolo. Pali loafer, yongolowetsa phazi basi. Padalinso ija ya mitundu iwiri, yoyera ndi yofiirira, ya anyamata okonda jazi. Maina amene ankamveka m'makomponi adali Florsheim wa ku Chicago ndi Crockett & Jones, kampani imene idayamba mu 1879 ku Northampton, mzinda wa nsapato wa ku England. Anzawo Achizulu adafika pochita mipikisano ya kutchena m'mahositelo usiku wa Loweruka, aja otchedwa oswenka. Amene ankapita ku Halale nawo adali ndi mawindo awo, a Barbours ndi Meikles mu Salisbury.

Kuyang'ana kudali kwaulere, koma kulowa idali nkhani ina. Malamulo ndi mkhalidwe wa tsankho zidachititsa kuti m'sitolo zambiri za azungu munthu wakuda azigula popanda kuyesa. Ambiri ankathera kwa amwenye a mu Diagonal Street kapena pa sitolo ya pafupi ndi komponi, kulipira pang'onopang'ono mpaka ngongole itatha. Agogo ankasimba kuti iwo adalimba mtima n'kulowa m'sitolo ina ya m'tauni, dzina sankalitchula. Adanyamula kachingwe kamene adayezera phazi lawo usiku. Wogulitsa adayeza nsapato ndi kachingweko, kulandira ndalama, n'kuwalozera khomo. Kachingwe kamayeza utali, sikayeza kufutukuka kwa phazi la msodzi. Nsapatozo zidawathina moyo wawo wonse. "Mdzukulu wanga," ankatero, "chinthu chokwera mtengo sichikomera, chimangolemekezetsa." Ndiye pamenepo mwamvetsa za mtengo wa mango uja.

Akatsika Ilala, sitima imene idayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, mudzi unkayamba kuyang'ana kuphazi usadafunse za moyo. Wailesi, njinga ndi bulangete zidali za banja. Nsapato idali ya mwiniwake yekha, ngakhale kuti pa chinkhoswe ndi paukwati inkayenda nyumba ndi nyumba. Akamwini angati kuno adakwatira ndi nsapato zobwereka, atatsendera nyuzi kutsogolo kuti zisavuke! Ena sadabwerere n'komwe, matchona. Enanso adatsala panjira: pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Dr Kamuzu Banda adaimitsa kulembetsa anthu. Kudayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Msewu wa nsapato za ku Joni udatsekeka kwa kanthawi.

Kamuzu yemweyo, amene msonkhano wa chipani chake udachitikira kuno ku Nkhotakota mu 1960 n'kumupanga mtsogoleri wamuyaya wa Malawi Congress Party, adali sitolo ya ku London yoyenda ndi miyendo: suti ya zidutswa zitatu, chipewa, nsapato zakuda. Ndipo adalowerera mavalidwe a ena. Lamulo la zovala la 1973 lidaletsa amayi buluku ndi siketi yaifupi, ndipo abambo adaletsedwa tsitsi lalitali ndi buluku yotambalala kumapazi. Pamene anyamata a ku Lusaka ankagogoda ndi nsapato zazitali zidendene pansi pa belubotomu, kuno fashoni idali ya kalaliki wa kwa DC.

Apa ndiye Bata uja adalamulira. Kampaniyo idatsekula fakitale ku Gwelo mu 1939, kenako n'kudzakhazikika ku Blantyre. Sidali nsapato ya madizaina ayi, koma ndiyo idavalika mphunzitsi, mesenjala ndi mwana wa sekondale. Woperewera pa Bata ankapita kwa mmisiri wodula matayala akale n'kusokera nkhwayira zosatha ngakhale mwiniwake atatha. Fakitale ya shuga ya ku Dwangwa itayamba mu 1979, majombo arabala adadzaza boma lino, ndipo ena ankapita nawo kutchalitchi atawatsuka bwinobwino.

Lamulo la zovala lidathetsedwa mu 1993, msika udamasuka, ndipo kaunjika adabwera ndi mabelo ake. Chodabwitsa n'chakuti kaunjika ndiye adagwetsa windo lija. Nsapato imene mzungu adagula ku Harrods kapena Selfridges mu London, n'kuitaya itamutopetsa, ikhoza kupezeka pa chisaka pamsika, pakati pa ogulitsa usipa ndi chinangwa, ndipo palibe wokuletsa kuiyesa. Vuto n'kupeza inzake ya phazi linalo. Pambuyo pake padabwera za ku China, zosongoka ngati mphuno ya bwato, zomata ndi guluu, zolembedwa maina akuluakulu molakwitsa zilembo. Mvula imodzi, zayasama kukamwa.

Kusitolo zapamwambako zinthu zidatembenukanso. Stuttafords idatsekedwa mu 2017. M'masitolo otsala, pambali pa Oxford ndi loafer ya Gucci ija ya kachitsulo pamsana, imene idatuluka mu 1953, pamalo aulemu pakhala sinika: nsapato yamasewera, yonenepa kupansi, ya mtengo woposa injini ya boti yogwirapo ntchito. Anyamata athu amene amapita ku Joni pa basi masiku ano amabwera ndi Carvela kapena sinika yoyera mbee. Mwezi watha ndidaona wina, siginala wa chilimira atagulitsa bwino usipa, akudutsa pa mchenga wonyowa sinika zili m'manja.

Agogo atamwalira, malume adatenga nsapato zija kupita nazo kwa mmisiri wapamsika kuti azifutukule. Mkuluyo adazitembenuza, kuyendetsa chala pa ulusi wa kupansi, n'kunena kuti izi n'zosoka osati zomata, akhoza kusintha chapansi kangapo konse chikopa chili chomwecho, koma kufutukula ayi, angaziwononge. Malume adazibweza mu thiranki. Ine ndidaziyesa chaka chatha. Nanenso zimandithina.