Mbiri ya Magalimoto a Waya

Kale ana a ku Mwanza ankaumba ng'ombe zadothi. Koma pamene malole anachuluka pa msewu wochokera ku Blantyre kudzera pa Zobue kunka ku Tete, anawo anayamba kutsanzira zimene ankaona. Ku Mangalande kampani ya Meccano inatulutsa tigalimoto ta Dinky m'chaka cha 1934, ndipo ta Matchbox tinatsatira mu 1953. Nanga mlimi wa manachesi ndalama zogulira akanazitenga kuti? Chotero mwana anapinda waya, nasandutsa zitsekerero za mabotolo kukhala mateyala, namangirira chiwongolero chachitali. Mu 1990 buku la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto linamveketsa luso limeneli ku Amereka. Lero zidole zapulasitiki zikulanda malo ake. Inu makolo, musanyoze mwana wopinda waya, pakuti umisiri umayambira pomwepo.