Bambo Kamungu ku Msoro ndi Ana Athu a Giredi 6

Lero ndifuna tikambeko za ana athu a Giredi 5, 6 ndi 7. Koma mundilole ndiyambire kutali pang'ono, kum'mawa uko.

Ambiri a inu munamvapo za Msoro, m'boma la Mambwe. Amene anayamba ntchito ya mpingo wathu kumeneko sanali mzungu ayi. Anali Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota. Anaphunzira m'masukulu a mishoni ya UMCA, mpaka anakafika ku Zanzibar, ndipo mu 1909 anadzozedwa unsembe. Mu 1910 dayosisi ya Northern Rhodesia inakhazikitsidwa, bishopu woyamba ali John Hine. Bambo Kamungu anasiya nyanja yakwawo nkukakhala pakati pa Akunda, m'dziko lotentha la m'chigwa cha Luangwa.

Onani chimene anaika patsogolo: masukulu a m'midzi. Mwana amaphunzira zilembo, kenako mawu, kenako nkutsegula yekha uthenga wabwino. Kachitidwe ka UMCA sikanali kothamanga. Munthu amayamba ngati womvetsera chabe, akalimbikira amalandira kamtanda nkukhala wophunzira, ndipo ubatizo umabwera pambuyo pa nthawi yaitali ya maphunziro. Bambo Kamungu anamwalira mu February 1913, atagwira ntchito ku Msoro zaka zosakwana zitatu. Zaka zitatu chabe, abale! Koma mpingo wa Msoro ulipo mpaka lero, chifukwa chimene unaphunzitsa mwana sichilowa nawe m'manda.

Manje tiyeni tibwere pano pa Northmead. Mdzukulu wanga wa Giredi 6 amandithandiza pa sitandi Loweruka. Kasitomala akapereka K100, chenji amawerengera m'mutu ine ndisanatsegule nkomwe kachikwama. Tsiku lina ndinati, "Iwe, ndipezere buku la Marko." Anafufuza, nkufufuza, mpaka anakathera ku Masalimo. Ndinachita manyazi. Ine amene ndimawerenga mawu patsogolo pa mpingo, m'nyumba mwanga mwana sadziwa pamene pali Marko. Mlandu si wake, ndi wanga.

Msinkhu umenewu ndi wovuta. Nyimbo zowomba m'manja za ana aang'ono zawachepera, ulaliki wa akuluakulu sunawafike. Ali ndi mafunso: chifukwa chiyani Kaini anakanidwa? Agogo amene anamwalira ali kuti? Ife timati "khala chete, ukadzakula udzamva." Koma pa Luka 2 Ambuye Yesu anali ndi zaka 12 pamene anakhala pakati pa aphunzitsi m'Kachisi, akumvetsera ndi kufunsa. Aphunzitsi aja sanamuthamangitse. Ngati ife sitiyankha, foni idzayankha.

Ndiye nazi zimene ndatola ku Msoro. Choyamba, mwana agwire buku yekha, awerenge mokweza, ngakhale akudodoma. Chachiwiri, akawerenga m'Chingerezi, afotokoze m'Chinyanja kapena m'chilankhulo cha panyumba. Apo ndi pamene mudzadziwa ngati wamva. Buku Lopatulika lilipo kuyambira 1922, lisangokhala m'kabati. Chachitatu, musathamange. Nkhani imodzi pa sabata, ya Yosefe kapena ya Msamariya wachifundo, ikwana. Kukonzekera chilimbikitso kusakhale ngati kuloweza mayeso a Giredi 7.

Anzanga a pa maketi, ndidziwa timafika kunyumba titatopa, mwina magetsi kulibe. Koma mphindi khumi ndi tochi ya pa foni zikwana. Ine ndi mdzukulu wanga tinayamba ndi Marko yemweyo, ndipo tili pa mutu 4. Funso lake la dzulo, la mbewu zogwera pamiyala, sindinaliyankhe bwino. Usiku uno tibwereranso.

Nanga kwanu, ndani atsegule buku ndi mwana lero?

Tipemphere: Ambuye, amene munatuma mtumiki wanu Leonard Kamungu ku Msoro, tipatseni kuleza mtima kuti tiphunzitse ana athu mawu anu. Amen.